BP ikagwa chifukwa cha septic shock: madzi angati, mankhwala liti, nanga 65 inachokera kuti?

Sepsis imachitika pamene thupi, polimbana ndi tizilombo tomwe talowa m'mapapo, m'mimba, m'chiberekero, m'njira ya mkodzo kapena m'magazi, layamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Septic shock ndiye mapeto ake oipitsitsa. Malinga ndi tanthauzo la Sepsis-3 lomwe akatswiri anagwirizana mu 2016, wodwala ali mu septic shock ngati wapatsidwa madzi okwanira koma akufunabe mankhwala kuti MAP yake (avereji ya BP) ifike 65 mmHg, komanso lactate ya m'magazi mwake (asidi amene amachuluka magazi akapanda kufika bwino m'ziwalo) yapitirira 2 mmol/L. Odwala oposa 40 pa 100 alionse ofika pamenepa amamwalirira m'chipatala. Zipatala zathu zambiri zilibe choyezera lactate, choncho namwino kapena dokotala amazindikira ndi maso: matenda alipo, BP ili pansi, dripu yalowa koma palibe chasintha, mkodzo wachepa, ndipo munthu wayamba kubwebweta kapena kungogona osayankha bwino.

M'mitsempha mumachitika zinthu zitatu pa nthawi imodzi. Timitsempha ting'onoting'ono timalefuka n'kufutukuka, makamaka chifukwa thupi likupanga nitric oxide wochuluka, ndiye magazi omwe aja akuyenda m'njira yotakasuka ndipo mphamvu yawo imatsika. Makoma a timitsempha amayambanso kuchucha, madzi n'kumatuluka m'magazi kupita m'minofu ndi m'mapapo. Mwa odwala ena mtima nawo umafooka. Pamwamba pa izi, munthuyo mwina watha masiku akusanza, akutuluka thukuta, osadya osamwa. Amene anathirirapo dimba ndi payipi yakutha akudziwa kuti ikabooka m'malo ambiri, kutsegula kwambiri madzi kumtunda kumathandiza pang'ono chabe, ambiri amathera m'njira n'kupanga matope. Kwa wodwala wathu matopewo amakhala m'mapapo. N'chifukwa chake madzi a m'dripu amakonza gawo limodzi lokha la vutoli.

Nambala yoyang'anitsitsa ndi MAP, yomwe ndi avereji ya mphamvu yokankhira magazi ku impso, ku ubongo ndi ku ziwalo zina. Tengani nambala ya pamwamba, wonjezerani ya pansi kawiri, kenako gawani ndi 3. BP ya 90/50 imapereka MAP ya 63. BP ya 100/45 imaperekanso 63, ngakhale munthu ataona 100 uja angaganize kuti zinthu zili bwinoko. Nambala ya pansi ikatsika kwambiri, kufika cha m'ma 40, mtima ukuthamanga, manja ali ofunda, nthawi zambiri ndiye kuti mitsempha yalefuka ndipo mankhwala okweza BP akufunika msanga. Koma BP ngati 85/70, manambala awiriwo atayandikana, manja ndi mapazi zili zii, imaloza kuti mtima ukuponya magazi ochepa pa kugunda kulikonse, kaya chifukwa madzi achepadi kapena mtimawo wafooka.

Muziyezanso bwino. Lamba wa makina a BP akachepa poyerekeza ndi mkono, nambala imakwera mwabodza, ndipo akakula kwambiri pa mkono wowonda imatsika mwabodza. Kumene kuli kachubu koyezera BP mkati mwa mtsempha, monga mu ICU, ndiye njira yodalirika. Kumene kulibe, yezani mphindi 5 zilizonse pamene mukusintha mlingo wa mankhwala, ndipo lembani pa tchati.

Nanga 65 inachokera kuti? Mu 2014 kafukufuku wa SEPSISPAM wa ku France anagawa odwala 776 pawiri: ena ankawakwezera MAP kufika 65 mpaka 70, ena 80 mpaka 85. Chiwerengero cha omwalira pa masiku 28 sichinasiyane. Omwe anakwezedwa kwambiri anadwala mochuluka vuto la mtima wogunda mosokonekera lotchedwa atrial fibrillation, ngakhale kuti pakati pa omwe anali ndi BP yokwera kale, ocheperapo anafunika dialysis, kusefa magazi ndi makina impso zikalephera. Mu 2020 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa 65 Trial anayesa zosiyana: okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo anawalola kukhala pa MAP ya 60 mpaka 65, ndipo omwalira pa masiku 90 anali 41 pa 100 poyerekeza ndi pafupifupi 44 pa 100 mwa osamalidwa mwachizolowezi, kusiyana komwe sikunali kotsimikizika koma kunaonetsa kuti kutsikako sikunawapweteke. Phunziro lake n'lakuti 65 ndi poyambira. Kukankhira wodwala aliyense ku 80 kapena 90 kumangomuthira mankhwala ambiri popanda phindu. Wodwala BP wa nthawi yaitali amene mkodzo sukutuluka pa 65 mungamuyese pa 75 kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo ngati palibe chasintha, bwererani.

Nkhani ya madzi ndi yomwe ife a kuno tiyenera kuimvetsa kuposa wina aliyense, chifukwa umboni wake waukulu unachokera m'zipatala zonga zathu.

Malangizo a Surviving Sepsis Campaign a 2021 amati wamkulu apatsidwe madzi osachepera 30 mL pa kilogalamu m'maola 3 oyamba, koma olemba ake omwe analitsitsa mphamvu langizoli poona kuti umboni wake ndi wofooka. Kwa munthu wa makilogalamu 60 amenewa ndi 1,800 mL. Kwa wodwala wowonda wa makilogalamu 45 ndi 1,350 mL, osati mabotolo anayi a lita imodzi. Mu 2017 Ben Andrews ndi anzake anafalitsa zotsatira za ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Odwala 209 a sepsis ndi BP yotsika, pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali ndi HIV, anagawidwa pawiri. Gulu lina linatsata ndondomeko ya malita 2 mu ola loyamba, malita enanso 2 m'maola 4 otsatira, dopamine ngati BP yakana, ndi magazi kwa omwe anali ochepa magazi kwambiri. Gulu linalo linasamalidwa monga mwa masiku onse. M'maola 6 oyamba gulu la ndondomeko linalandira malita 3.5, linalo malita 2. Omwalira anali 48 pa 100 m'gulu la madzi ambiri ndi 33 pa 100 m'gulu linalo. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse omwe anathiridwa madzi ochuluka anayamba kubanika, ndipo pafupifupi onse anali pa wodi wamba, popanda makina othandiza kupuma.

Kwa ana nkhaniyi inayamba kale. Kafukufuku wa FEAST wa 2011, wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anakhudza ana oposa 3,000 otentha thupi kwambiri omwe magazi sankayenda bwino. Pa maola 48, ana pafupifupi 10.5 pa 100 omwe anapatsidwa madzi ambiri mwachangu anamwalira, poyerekeza ndi 7.3 pa 100 mwa omwe anapatsidwa dripu yapang'onopang'ono yokha. Chodabwitsa n'chakuti ana othiridwa madziwo ankaoneka kuti atsitsimuka mu ola loyamba. Kuoneka bwino kwa kanthawiko n'kumene kumatipusitsa.

Pano pakufunika chenjezo, kuti wina asamve molakwika. FEAST sinaphatikize ana otsegula m'mimba. Munthu wa kolera kapena wotsegula m'mimba kwambiri wataya madzi enieni, mitsempha yake ndi yabwino, ndipo amafunika Ringer's lactate wambiri mwachangu. Kumuumira madzi ameneyu n'kumupha. Chimodzimodzi mayi wotaya magazi atabereka, iyeyo akufuna magazi ndi kuletsa kutayako.

Ndiye pa sepsis chitani chonchi. Perekani 250 mpaka 500 mL ya Ringer's lactate pa mphindi 15 mpaka 30, kenako imani muone. Werengani kapumidwe pa mphindi yathunthu, onani okosijeni pa kachipangizo ka pachala, mverani m'munsi mwa mapapo kumsana, onani ngati mitsempha ya m'khosi yatupa, yezaninso MAP. Ngati MAP yakwera, kugunda kwa mtima kwatsika ndipo kapumidwe sikanasinthe, mungabwereze. Ngati kupuma kwawonjezeka ndi mapumidwe asanu pa mphindi, okosijeni watsika, kapena mwayamba kumva kuthetheka m'mapapo, siyani madzi ngakhale simunafike 30 mL pa kilogalamu. Normal saline amagwira ngati Ringer's palibe, koma akachuluka amawonjezera chloride ndi asidi m'magazi. Dextrose 5% si wokwezera BP ayi, sakhalitsa m'mitsempha, ngakhale shuga muyenera kumuyeza kwa aliyense wosokonezeka mutu. Samalani koposa ndi wochepa magazi kwambiri, wodwala mtima, wa impso, wa malungo aakulu ndi mayi wa preeclampsia (BP yokwera ya pa mimba), poti mapapo awo sachedwa kudzaza.

Pali kuyesa kwina kosafuna botolo. Wodwala ali chokhala pang'ono, mugonekeni chagada n'kukweza miyendo yonse pa madigiri 45. Magazi okwana pafupifupi 300 mL amabwerera ku mtima, ngati kuti mwamupatsa dripu yomwe mungaibweze. Kumene kuli makina oonera mtima, kuwonjezeka kwa magazi oponyedwa ndi 10 pa 100 kumasonyeza kuti madzi amuthandiza. Popanda makinawo mungaone ngati mpata wa pakati pa nambala ya pamwamba ndi ya pansi wakula mu mphindi imodzi kapena ziwiri, koma njira imeneyi imaphonya ena.

Cholakwika chofala ndi kudikira mpaka botolo lachitatu kapena lachinayi musanaganize za mankhwala okweza BP. Ngati MAP ili pansi pa 65 mutapereka lita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, kapena ili pansi kwambiri kuyambira pachiyambi, yambani mankhwala madzi akulowa. Ku Thailand, kafukufuku wa CENSER wa 2019 anapeza kuti kuyamba noradrenaline msanga kunathetsa shock m'maola 6 mwa odwala 76 pa 100, poyerekeza ndi 48 pa 100 mwa osamalidwa mwachizolowezi, ndipo madzi m'mapapo anachitika mocheperapo.

Mankhwala oyamba ndi noradrenaline, yemwe mabuku a ku America amamutcha norepinephrine. Amafinya mitsempha, kuphatikizapo yobweza magazi ku mtima, ndipo sathamangitsa mtima kwambiri. Dopamine anali wotchuka kale, koma mu kafukufuku wa SOAP II wa 2010 odwala 24 pa 100 omwe anapatsidwa dopamine mtima unasokonekera kagundidwe, poyerekeza ndi 12 pa 100 a noradrenaline. Kumene noradrenaline kulibe, adrenaline ndiye wolowa m'malo, ndipo ubwino wake amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse. Dziwani kuti adrenaline amathamangitsa mtima, amakweza shuga, ndipo amakweza lactate payekha, moti lactate ikakwera wodwala akuoneka kuti akuchira musafulumire kumuthira madzi ena.

Masamu ake ndi awa. Noradrenaline amayambidwa pa 0.05 mcg pa kilogalamu pa mphindi, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono mphindi 5 zilizonse mpaka MAP ifike 65. Mukasungunula 4 mg mu 250 mL, mililita iliyonse ili ndi 16 mcg. Munthu wa makilogalamu 60 pa mlingo wa 0.1 akufuna 6 mcg pa mphindi, kutanthauza 360 mcg pa ola, ndiye pampu muiike pa 22.5 mL pa ola. Mukasungunula 4 mg mu sirinji ya 50 mL, mililita ili ndi 80 mcg ndipo mlingo womwewo ndi 4.5 mL pa ola, koma wamphamvu chonchi ndi wa mtsempha waukulu wa m'khosi kapena m'ntchafu, osati wa pamkono. Werengani kabotolo bwino: ena amalemba kulemera kwa noradrenaline tartrate, ndipo 2 mg ya tartrate ndi 1 mg yokha ya noradrenaline weniweni.

Popanda pampu zimatheka, koma pafunika munthu wokhala pomwepo. Ikani timabotolo tiwiri ta adrenaline ta 1 mg mu 500 mL ya normal saline, mupeza 4 mcg pa mililita. Ndi chubu cha dripu cha madontho 20 pa mililita, munthu wa makilogalamu 60 pa mlingo wa 0.05 akufuna madontho 15 pa mphindi, ndipo pa 0.1 madontho 30. Onani paketi ya chubucho, chifukwa cha magazi chimakhala ndi madontho 15 ndipo cha ana 60. Mukafika madontho 60 pa mphindi ndiye kuti mukumuthira 180 mL pa ola, malita oposa 4 pa tsiku, ndipo mwabwerera ku vuto la madzi lija mosadziwa. Pamenepo sungunulani wamphamvu kawiri n'kuchepetsa madontho ndi theka. Lembani botololo ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo auzeni achibale odikirira kuti kagudumu ka dripu imeneyi asakakhudze, ngakhale aone ngati ikuchedwa. Dripu ya adrenaline yotsegulidwa yonse imatha kuimitsa mtima. Izi ndi ntchito ya ogwira ntchito m'chipatala motsatira ndondomeko ya chipatala chawo, ndipo masamu aziwerengedwa ndi anthu awiri.

Kale ankati mankhwalawa asalowe pamkono. Malangizo a 2021 anasintha, akuti yambani pamkono m'malo modikira mtsempha waukulu, bola ikhale nthawi yochepa ndipo mtsempha ukhale wa pachigongono kapena pamwamba pake. Gwiritsani kanula yobiriwira ya 18 kapena yapinki ya 20, osati kamtsempha ka kuseri kwa dzanja kapena paphazi. Tsimikizani kuti magazi akubwerera musanayambe. Kanula imeneyo ikhale ya mankhwalawa okha, maantibayotiki ndi madzi zidzere kwina, ndipo lamba wa BP akhale mkono winawo, chifukwa akafufuma amatseka mankhwala kenako n'kuwatulutsa onse pamodzi. Onani malowo ola lililonse. Pakayera, pakazizira, pakatupa kapena pakamawawa, mankhwala akutayikira m'mnofu ndipo khungu lingafe. Imitsani, yambani pa kanula ina nthawi yomweyo, kokani ndi sirinji zomwe mungathe pa yakaleyo musanaichotse, kwezani mkono, ndipo ngati pali phentolamine bayani 5 mpaka 10 mg wosungunula mu 10 mL ya saline mozungulira malowo.

MAP ikafika 65 ntchito sinathe, chifukwa n'zotheka kufinya mitsempha mpaka nambala ikongole koma magazi osafika kumene akufunika. Dinani nsonga ya chala mpaka iyere, gwirani masekondi 10, siyani, muwerenge. Kupitirira masekondi 3 ndiye kuti magazi sakufika bwino. Kafukufuku wa ANDROMEDA-SHOCK wa ku South America mu 2019 anayerekeza kutsogoleredwa ndi chala chimenechi ndi kutsogoleredwa ndi lactate: omwalira anali 35 pa 100 ndi 43 pa 100, kusiyana kosatsimikizika, koma kunaonetsa kuti chala sichichepera makina. Mabuku amanenanso za mawangamawanga a pamaondo, omwe pa khungu lakuda saoneka bwino, choncho gwirani ndi kuseri kwa dzanja kuchokera pantchafu kutsika mumve pomwe kuzizira kukuyambira. Ikani katheta ndipo yezani mkodzo ola lililonse, mukufuna 0.5 mL pa kilogalamu pa ola, ndiye 30 mL kwa munthu wa makilogalamu 60. Ndipo mulankhuleni wodwalayo. Munthu amene wayamba kuzindikira mkazi wake n'kupempha madzi akumwa akukuuzani zambiri za ubongo wake kuposa makina.

Noradrenaline akafika 0.25 mpaka 0.5 mcg pa kilogalamu pa mphindi MAP osakwanabe, kumene kuli vasopressin, mankhwala enanso ofinya mitsempha, amawonjezera 0.03 units pa mphindi, mlingo wosasinthasintha, m'malo mongokweza noradrenaline. Hydrocortisone 50 mg mu mtsempha maola 6 alionse amaperekedwa ngati mlingo wa 0.25 wakhala maola 4 kapena kuposerapo, ndipo amafupikitsa nthawi ya shock. Kuno mumuganizire msanga, chifukwa TB imawononga tiziwalo ta pamwamba pa impso topanga cortisol, ndiponso pali anthu omwa prednisolone kwa miyezi omwe anasiya atadwala. Ngati BP yakwera koma mapazi akadali ozizira ndipo mapapo akudzaza, mtima ndiwo wafooka, ndipo dobutamine kapena kusinthira ku adrenaline n'kumene kungathandize. Hemoglobin ikatsika pansi pa 7 g/dL ikani magazi.

Musanawonjezere mankhwala achitatu, dzifunseni ngati palibe china. Kanula ikadali mu mtsempha? Botolo silinathe? Wodwala sakutaya magazi m'mimba? Madzi ozinga mtima chifukwa cha TB amatsitsa BP mofanana ndi sepsis, mitsempha ya m'khosi itatupa, ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa madziwo. Mayi woyembekezera wa mimba yaikulu mumugoneke chakumanzere, chiberekero chisapsinje mtsempha wobweza magazi. Ndipo ngati wodwala akufunika kugonekedwa tulo kuti aikidwe pa makina opumira kapena apite ku fiyeta, BP idzagwa ndithu pa nthawi imeneyo, ndiye mankhwala okweza BP akhale akuyenda kale, ndipo ketamine ndi wabwino kuposa propofol kapena thiopental.

Zonsezi n'kungogula nthawi. Chochiritsa ndi kupha tizilombo ndi kuchotsa gwero lake. Maantibayotiki alowe mu mtsempha pasanathe ola limodzi, magazi okayeza tizilombo atatengedwa kale ngati sizichedwetsa. Ceftriaxone 2 g ndiye wozolowereka m'zipatala zathu, koma mabakiteriya osamva mankhwalawa achuluka, makamaka mwa odwala omwe agonekedwa posachedwa. Kafukufuku wa akuluakulu a sepsis pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anapeza kuti TB ndi yomwe inapezeka kwambiri pa zoyambitsa zomwe zinadziwika, ndiye kwa munthu wa HIV yezani TB mu mkodzo ndi choyezera chotchedwa LAM, yezaninso cryptococcus (fangasi woyambitsa matenda oumitsa khosi), ndipo aliyense ayezedwe malungo. Mayi wotsalira zinthu m'chiberekero, munthu woboka matumbo ndi typhoid, chithupsa cha mafinya, impso yotsekeka, onsewa BP yawo siidzakhazikika mpaka gwerolo litachotsedwa. Kudikira kuti BP ikhale bwino kaye musanapite naye ku fiyeta nthawi zambiri kumakhala kudikira chinthu chomwe sichibwera.

Wodwala akakhazikika kwa maola angapo, tsitsani mankhwala pang'onopang'ono, kadontho kapena kagawo kakang'ono mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, mukuyeza MAP. Noradrenaline ndi adrenaline amatha mphamvu m'magazi mu mphindi ziwiri kapena zitatu, choncho botolo latsopano likhale lokonzeka lakale lisanathe, apo ayi BP imagwa muli kukasaka kiyi wa kabati. Madzi omwe analowa masiku oyamba nawonso amafunika kutuluka, ndipo mankhwala akasiyidwa furosemide, mankhwala okodzetsa, amathandiza kwa wotupa kapena wobanika. Pomaliza penipeni, musatsuke kanula kapena chubu chomwe munadutsa mankhwalawa pokankha saline. Mililita imodzi yotsalira ya noradrenaline wa 80 mcg ndi mankhwala a mphindi 13 kwa munthu wa makilogalamu 60 uja, ndipo mukaikankha imalowa yonse mu sekondi imodzi. Kokani kaye 5 mL ndi sirinji mutaye, kapena chotsani kanulayo.